Makwerero a cricket: mmene maiko ang'onoang'ono amakwerera, kuterereka ndi kutsekeredwa panja

Kumapeto kwa May mu 2008, pa kachilumba ka Jersey kamene kali m'nyanja pakati pa England ndi France, panakumana matimu 12 a cricket amene ngakhale anthu ambiri okonda masewerowa sankadziwa n'komwe kuti alipo. Kunali Japan, Norway, Bahamas, Vanuatu, Germany, Botswana, ngakhalenso anansi athu a ku Mozambique. Kunalinso anyamata a ku Afghanistan, ambiri a iwo ataphunzirira masewerowa m'misasa ya othawa nkhondo kufupi ndi Peshawar ku Pakistan, pa fumbi, ndi mpira wa tenisi wokulunga tepi. Mpikisanowo unali wa Divishoni 5 ya World Cricket League. Pa fainolo eni bwalo a Jersey anatulutsidwa onse atangopeza ma run (mapointi a mu cricket) 80, ndipo aliyense anayesa kuti Afghanistan yadya kale. Koma nawo anayamba kuyoyoka ngati mango akupsa. Pofika pa 81, pamene anapambanira, anali atataya osewera asanu ndi atatu, mitima ili m'mwamba.

Patapita zaka 16, mu June 2024, Afghanistan yomweyo inagonjetsa Australia n'kufika mu ndime ya matimu anayi ya T20 World Cup. Mohammad Nabi, amene anali nawo ku Jersey kuja, anali akusewerabe, ndevu zitayamba imvi. Akuluakulu a International Cricket Council, bungwe loyendetsa cricket pa dziko lonse lomwe timangoti ICC, amaikonda kwambiri nkhani imeneyi, ndipo m'pomveka, chifukwa imaonetsa kuti makwerero amene anaikira maiko ang'onoang'ono amagwiradi ntchito. Chimene sakonda kunena n'chakuti makwererowo safika padenga. Amathera pakhoma, ndipo amene ali padengapo ndiwo amagamula ngati akuponyere chingwe kapena ayi.

Kuti zimveke, tiyambe ndi mmene cricket inagawira ana ake. Mu mpira wamiyendo, Brazil ndi Malawi ndi mamembala ofanana a FIFA, aliyense ndi voti yake imodzi, ndipo onse amayamba ndi masewero achipulula pofuna kupita ku World Cup. Cricket siyendera zimenezo. ICC, imene inayamba mu 1909 ngati kagulu ka England, Australia ndi South Africa, ili ndi mamembala a mitundu iwiri. Pali mamembala athunthu 12: atatu aja, kuphatikizapo India, Pakistan, New Zealand, West Indies, Sri Lanka, Zimbabwe, Bangladesh, Ireland ndi Afghanistan. Ena onse, oposa 90, amatchedwa ma Associate. Mpaka mu 2017 panalinso gulu lachitatu lotsikirapo, la ma Affiliate, ndipo Malawi inali m'menemo gululi lisanathetsedwe.

Masewero enieniwo nawonso ali ndi maudindo. Test, imene imatha kutenga masiku asanu, ndi ya mamembala athunthu okha. ODI imaseweredwa tsiku limodzi, timu iliyonse kumenya ma over 50, ndipo over imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi. T20 ndi ya ma over 20 ndipo imatha m'maola atatu kapena kuposerako pang'ono. Tsono apa m'pamene pali chinthu chimene munthu wozolowera mpira wamiyendo amadabwa nacho. Maiko awiri akhoza kusewera ma over 50 ndi malamulo onse, oyimbira oyenera alipo, koma masewerowo osawerengedwa kuti ndi ODI, chifukwa limodzi mwa maikowo lilibe chilolezo cha ODI. Chilolezo chimenechi chimaperekedwa kwa ma Associate ochepa okha, kwa zaka zinayi, ndipo chimalandidwa. Uli nacho, ndalama zochokera ku ICC zimakwera, maiko akuluakulu amatha kukuyang'anako, makampani amabwera ndi thandizo, osewera amalandira malipiro pamwezi. Chikakuchoka, zonsezi zimachoka nacho limodzi.

Palinso vuto lina. Maiko akuluakulu amapangana okha za maulendo okachezerana, kutengera kumene kuli ndalama za pa kanema. Palibe lamulo lokakamiza India kukasewera ndi Nepal, ngakhale ali khomo ndi khomo. Dziko laling'ono likapanda mpikisano wokonzedwa ndi kulipiridwa ndi ICC, likhoza kutha chaka chathunthu osasewera ndi aliyense wolilimbitsa.

Kalekale njira inali imodzi yokha, ICC Trophy, imene inayamba ku England mu 1979 ndipo inkabwera patapita zaka zitatu kapena zinayi. Ma Associate onse ankakumana malo amodzi, ndipo opambana ankapita ku World Cup. Sri Lanka inatenga chikho choyamba n'kuyamba kusewera Test mu 1982. Zimbabwe inachitenga katatu motsatizana, mu 1982, 1986 ndi 1990, n'kulandiridwa mu 1992. Bangladesh inapambana mu 1997 ndipo pofika mu 2000 inali membala wathunthu. Kuno kwathu nako sikunali kutali ndi zimenezi: Zambia inali m'timu ya East Africa imene inasewera World Cup yoyamba mu 1975 pamodzi ndi Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo Kenya itaima payokha, otsalawo ndi Malawi anapanga timu ya East and Central Africa imene inkapita ku ICC Trophy kuyambira mu 1990 mpaka mu 2001. Kuipa kwa mpikisanowu kunali kwakuti unkasakaniza nkhuku ndi akabawi. Timu yolimba inkangopondereza yofooka, onse awiri osaphunzirapo kanthu, kenako n'kubalalika kukadikira zaka zina zinayi.

Sabata imodzi yogamula zaka ziwiri

World Cricket League inakhazikitsidwa mu 2007 pofuna kukonza zimenezo. Maganizo ake anali osavuta: matimu olingana mphamvu azisewera okhaokha, wochita bwino azikwera, wolephera azitsika, monga timaonera nkhwangwa ikamagwera matimu apansi ligi ikamatha. Divishoni 1 yoyamba inachitikira ku Nairobi ndipo Kenya inagonjetsa Scotland pa fainolo. Madivishoni anachuluka mpaka kufika pa 8. Zambia inasewerako Divishoni 8 ku Kuwait mu 2010.

Koma mawu oti ligi asakunamizeni. Sinali ligi yosewera sabata ndi sabata, kwanu ndi kwa anzako. Kawirikawiri divishoni inali ya matimu asanu ndi limodzi, okumana m'dziko limodzi kwa masiku pafupifupi asanu ndi atatu. Aliyense ankasewera ndi mnzake kamodzi. Awiri apamwamba ankakwera, awiri apansi ankatsika, awiri apakati ankakhala pomwepo kudikira mwina zaka ziwiri kuti divishoniyo ichitikenso. Chifukwa madivishoni ankachitika motsatizana kuyambira pansi, timu imene yapsa moto inkatha kukwera masitepe angapo m'chaka chimodzi.

Ndi mmene Afghanistan inachitira. Itachoka ku Jersey inapita ku Dar es Salaam mu October 2008 n'kutenga Divishoni 4. Mu January 2009 inali ku Buenos Aires ku Divishoni 3, ndipo kumeneko inatsala pang'ono kuthera panjira. Pa masewero otsiriza, Cayman Islands, kadziko ka anthu ochepa kuposa a m'boma limodzi la kuno, inali pafupi kupambana pamene mvula inakhuthuka. Masewerowo anawathetsa n'kuwayambanso mawa lake, ndipo Afghanistan inapambana. Ikanachedwa mvulayo ndi theka la ola, mwina lero tikanakhala tikukamba nkhani ina. Miyezi itatu pambuyo pake, ku South Africa, inathera pa nambala 5 pa mpikisano wosankha opita ku World Cup ya 2011. Malo anali anayi, choncho inatsala, koma inabwerako ndi chilolezo cha ODI, pasanathe chaka chichokereni ku Jersey.

Matimu akafanana mapointi, chimene chimawalekanitsa ndi masamu otchedwa net run rate: liwiro limene wapezera ma run ako, kuchotsapo liwiro limene anzako apezera ma run pa iwe, pa mpikisano wonse. M'mipikisano ya masewero asanu okha, masamu amenewa aliza anthu ambiri. Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha mu February 2010, pamene Nepal inkachititsa Divishoni 5. Pa tsiku lomaliza la chipulula, pa bwalo la Tribhuvan University ku Kirtipur, United States inali kuthamangira chipambano mwaliwiro loti likanagwetsa Nepal pansi pa Singapore. Ochemerera anakwiya n'kuyamba kugenda miyala m'bwalo. Masewero anaima kwa nthawi, ndipo atayambiranso, ma over ndi chiwerengero chofunika zinasinthidwa malinga ndi malamulo a masewero odukizidwa. United States inapambanabe, koma kusinthako kunakankhira masamu a Nepal pamwamba pa a Singapore ndi kachidutswa kosaoneka n'komwe. Nepal inakwera, Singapore inatsala. Ine ndimawakonda ochemerera a ku Nepal, palibe ofanana nawo pakati pa ma Associate, koma tsiku limenelo miyala ndiyo inasewera.

Tisaiwale kuti osewera ambiri m'madivishoni amenewa sanali olipidwa. Anali aphunzitsi, apolisi, ogwira ntchito m'mabanki, oyendetsa galimoto, ophunzira, amene ankapempha tchuthi kuntchito kuti akaimire dziko lawo. Woponya mpira wodalirika akavulala tsiku loyamba, kapena bwana akakana tchuthi, kapena chitupa cholowera m'dziko chikachedwa, ntchito ya zaka ziwiri inkatha kupita m'madzi. Argentina inafika mu Divishoni 2 mu 2007, kenako inayamba kutsika mpikisano uliwonse mpaka inazimiririka pa makwerero. Bermuda inasewera World Cup mu 2007, ndipo ambiri amakumbukirabe Dwayne Leverock, chimunthu chonenepa, akuuluka kuwakha mpira ndi dzanja limodzi polimbana ndi India; pofika 2009 chilolezo cha ODI chinali chitapita.

Koma palibe kugwa kumene kumandipweteka ngati kwa Kenya. Mu 1996 inagonjetsa West Indies ya Brian Lara ku Pune. Mu 2003 inakuntha Sri Lanka ku Nairobi, Collins Obuya atatulutsa osewera asanu, ndipo inafika mu ndime ya matimu anayi ya World Cup, kumene inagonja kwa India ku Durban. N'zoona kuti inathandizidwa ndi mapointi aulere New Zealand itakana kupita ku Nairobi poopa zachitetezo, komabe mpaka lero palibe Associate ina imene inafika pamenepo pa World Cup ya ma over 50. Steve Tikolo ankatchulidwa kuti ndi womenya mpira waluso kuposa onse kunja kwa maiko a Test. Munthu akanayesa kuti Kenya ikutsatira Bangladesh, imene inaigonjetsa movutikira pa fainolo ya 1997. Sizinatero. Maiko akuluakulu sanaiitane kokwanira, ndipo kwawo komweko moto unabuka: mikangano ya atsogoleri a bungwe, osewera kunyanyala chifukwa cha malipiro, Maurice Odumbe kuletsedwa kusewera zaka zisanu mu 2004 pa mlandu wolandira ndalama kwa munthu wa juga. M'badwo wa Tikolo utakalamba panalibe ana okonzeka kulowa m'malo. Mu 2014, ku New Zealand, Kenya inataya chilolezo cha ODI. Mu 2018, ku Namibia, inagonja masewero onse a Divishoni 2 n'kutsikira mu Divishoni 3. Mlandu wake ugawidwe pawiri: theka kwa amene anatseka chitseko, theka kwa eni nyumba amene ankalimbirana mpando denga likudontha.

Pamene makwerero amathera

Tsopano yang'anani kumwamba. M'zaka zonse za World Cricket League, palibe membala wathunthu amene anatsitsidwapo chifukwa chogonja. Umembala wathunthu supezeka popambana mpikisano ndipo sutayika pogonja. Umaperekedwa ndi voti ya ICC. Ireland ndi Afghanistan anaulandira mu June 2017, patatha zaka 17 chilandirireni Bangladesh, ndipo chichokereni apo palibe wina walowa. Ireland inali itatenga kanayi Intercontinental Cup, mpikisano wa masewero a masiku anayi umene unkakonzekeretsa ma Associate za Test. Awiriwa atangolowa, mpikisanowo unafa, moti lero Scotland kapena Netherlands alibe pophunzirira masewero aatali.

Nkhani ya World Cup ndiyo imaonetsa bwino mtima wa eni masewerowa. Mu 2007 kunali matimu 16. Ireland inagonjetsa Pakistan, Bangladesh inagonjetsa India, ndipo zimphona ziwirizi zinabwerera kwawo mu ndime yoyamba. Kwa okonda masewero zinali zokoma. Kwa makampani a kanema amene analipira ndalama zankhaninkhani poyembekezera kuonetsa India kwa milungu ingapo, anali maliro. Mu March 2011 Kevin O'Brien wa Ireland anamenya ma run 100 pa mipira 50 yokha n'kugwetsa England ku Bangalore. Patangotha mwezi, ICC inalengeza kuti World Cup ya 2015 idzakhala ya mamembala athunthu 10 okha, popanda mpata wa wina aliyense. Anthu atachita phokoso anabweza mawuwo, koma anangochedwetsa: mu 2019 ndi mu 2023 matimu analidi 10, kuti timu iliyonse yaikulu ikhale ndi masewero osachepera asanu ndi anayi pa kanema.

Zotsatira zake tinaziona ku Zimbabwe mu March 2018, pamene matimu 10 ankalimbirana malo awiri okha. Scotland inkangofunika kugonjetsa West Indies ku Harare. Richie Berrington, womenya mpira wawo wodalirika, anatulutsidwa ndi chigamulo chimene zithunzi zinaonetsa kuti chinali cholakwika, koma pa mpikisanowo panalibe mwayi wopempha kuti chigamulo chionedwenso pa kanema. Mvula itabwera, masamu anati Scotland yagonja ndi ma run asanu. Mawa lake bwalo la Harare Sports Club linadzaza mpaka ena kubwezedwa pageti, anthu akuyimba, poti Zimbabwe inkangofunika kugonjetsa United Arab Emirates imene inali itatuluka kale. Inagonja ndi ma run atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire 1983 sinapite ku World Cup. Pa World Cup ya 2019 panalibe Associate ndi imodzi yomwe. Chokhumudwitsa n'chakuti patangotha miyezi itatu chichitikireni za ku Harare, Scotland inamenya ma run 371 ku Edinburgh n'kugonjetsa England, imene inali pa nambala 1 pa dziko lonse ndipo chaka chotsatira inatenga chikhocho.

World Cricket League inatsekedwa mu April 2019 ku Windhoek, pamene Namibia, Oman, Papua New Guinea ndi United States anapata chilolezo cha ODI. M'malo mwake munabwera nyumba ya zipinda zitatu. Pamwamba panali Super League, ya mamembala athunthu 12 ndi Netherlands. Pakati panali League 2, ya ma Associate asanu ndi awiri okhala ndi chilolezo cha ODI. Pansi panali Challenge League, ya matimu 12 ogawidwa m'magulu awiri. Kusintha kwakukulu kunali kwakuti League 2 inakhala ligi yeniyeni ya zaka zitatu kapena zinayi: matimu atatu amakumana m'dziko la mmodzi wa iwo, kusewera, kubalalika, n'kudzakumana ndi ena kwina, mpaka timu iliyonse itakwanitsa ma ODI 36. Bungwe limatha kuuza wosewera kuti pali ntchito ya zaka zingapo n'kumupatsa kontirakiti. Sabata imodzi yoipa siphanso munthu.

Nepal ndiyo umboni. Kumayambiriro kwa 2023 inali pafupi ndi pansi pa tebulo, chilolezo cha ODI chili pachiswe. Mphunzitsi watsopano, Monty Desai, atafika, inapambana masewero 11 mwa 12 otsala. Otsiriza anali pa bwalo lomwe lija la Kirtipur, pa 16 March, polimbana ndi United Arab Emirates. Anthu anayamba kufola m'bandakucha. Amene anasowa malo anakwera m'mitengo ndi pa madenga a mabasi. Mdima utayamba kugwa oyimbira anaimitsa masewero, masamu n'kupezeka kuti ali mbali ya Nepal, ndipo inathera pa nambala 3, pambuyo pa Scotland ndi Oman. Pansi pake zinthu zinayendanso: pa mpikisano wopatsana mpata ku Namibia, Canada yochokera mu Challenge League inalanda chilolezo cha Papua New Guinea.

Super League nayo inabala chipatso chimene ambiri sanayembekezere. Kwa nthawi yoyamba maiko akuluakulu anakakamizika kusewera ndi Associate: England, Pakistan ndi West Indies anapita ku Netherlands mu 2022. A Dutch anagonja pafupifupi masewero onse n'kuthera pansi pa tebulo, koma anazolowera kutentha kwa ng'anjo. Mu June 2023, ku Harare, anafanana ndi West Indies pa ma run 374, ndipo pa over yolekanitsa Logan van Beek anamenya ma run 30 n'kutenganso mpira kukatulutsa osewera awiri. Ku Bulawayo Bas de Leede anatulutsa osewera asanu a Scotland n'kumenya ma run 123 tsiku lomwelo. Netherlands inapita ku World Cup ku India, West Indies imene inatenga zikho ziwiri zoyambirira n'kutsala kunyumba, ndipo ku Dharamsala a Dutch anagonjetsa South Africa. Nanga Super League ili kuti lero? Inathetsedwa itangoyenda kamodzi, chifukwa maiko akuluakulu sankafuna kuuzidwa wosewera naye. Netherlands inabwezedwa mu League 2, imene tsopano ili ndi matimu asanu ndi atatu, pamodzi ndi Scotland, Oman, Nepal, Namibia, United States, United Arab Emirates ndi Canada. Mu Challenge League muli Uganda, Kenya ndi Tanzania, imene inalowa mu 2024 kudzera pa mpikisano wa ku Malaysia.

Mukawerenga bwino muona kuti makwerero a ma over 50 tsopano akufikira ma Associate 20 okha. Otsala oposa 70, Malawi ndi Mozambique ali momwemo, njira yawo ndi T20.

Njira ya T20, imene tikuyendamo ife

Mu 2018 ICC inagamula kuti masewero a T20 a pakati pa mamembala ake onse aziwerengedwa mofanana, akazi kuyambira July chaka chomwecho, amuna kuyambira January 2019. N'chifukwa chake masewero a Malawi ndi Mozambique a mu November 2019, olimbirana Kwacha Cup ku Lilongwe ndi ku Blantyre, analembedwa m'kaundula yemweyo momwe mumalembedwa a India ndi Australia. Alipo amene amanyinyirika kuti izi zinasokoneza mbiri, poti matimu ena amatulutsidwa onse asanafike ndi ma run 20 omwe. Ine kunyinyirika kumeneko sindikumva. Mwana wa ku Ndirande akaimira dziko lake, n'chifukwa chiyani masewero ake akhale ngati sanachitike?

Makwerero a T20 amayenda m'zigawo za dziko lapansi. Mu Africa mumayamba timipikisano tating'ono, opambana n'kukakumana pa fainolo ya chigawo, ndipo awiri apamwamba amapita ku T20 World Cup, imene kuyambira mu 2024 ili ndi matimu 20. Ubwino wake ndi wakuti membala wathunthu amene sanachite bwino amatsikira momwemo kudzatuluka thukuta ndi ena onse. Mu November 2023, ku Windhoek, Uganda inagonjetsa Zimbabwe n'kuilanda malo. Pa T20 World Cup ya 2024, ku Guyana, inagonjetsa Papua New Guinea, Frank Nsubuga wa zaka 43 akuponya mpira ngati mnyamata, kenako West Indies inaitulutsa yonse ndi ma run 39. Zonse ziwirizi ndi zoona za ma Associate, ndipo zinachitika sabata imodzi. Pa mpikisano womwewo United States inagonjetsa Pakistan ku Texas, amene anaponya over yolekanitsa ali Saurabh Netravalkar, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta amene anali pa tchuthi kuntchito kwake. Malawi inadutsa ndime yoyamba ku Dar es Salaam mu 2024 pamodzi ndi Tanzania, ndipo mu 2025 inali pakati pa matimu asanu ndi atatu amene anakumana ku Harare, kumene Zimbabwe ndi Namibia anatenga malo awiriwo. Zambia, imene inachotsedwa mu ICC mu 2021 chifukwa cha mavuto a kayendetsedwe ka bungwe lake, inabwezedwa mu 2025, ndipo iyenera kuyambira pansi.

Kuseri kwa zonsezi kuli mphika wa ndalama ndi amene wagwira chipande. Pa kagawidwe ka 2024 mpaka 2027, India yokha imatenga 38.5 peresenti ya ndalama zimene ICC imagawa, pamene ma Associate onse oposa 90 amagawana pafupifupi 11 peresenti. A ku India amayankha kuti ndalamazo zimachokera kwa oonera awo, ndipo sakunama. Koma gawo la ma Associate nalonso siligawidwa mofanana. Limatsata pamene waima pa makwerero, moti amene watsika amalandira zochepa pa nthawi imene akufunika zambiri kuti adzuke. Ndiye pali kutha kwa osewera. Eoin Morgan anayambira ku Ireland n'kusamukira ku England, kumene anakweza World Cup ya 2019 ngati kaputeni. Mark Chapman anachoka ku Hong Kong kupita ku New Zealand, Tim David ku Singapore kupita ku Australia. Madzi amayendanso chobwerera: malamulo amalola munthu amene wakhala m'dziko zaka zitatu kuliimira, n'chifukwa chake matimu a Oman, United Arab Emirates, Canada ndi United States adzaza ndi osewera obadwira ku India ndi ku Pakistan. Timu ngati Nepal, Uganda kapena Papua New Guinea, yolera ana ake kuyambira ku pulayimale, imapikisana ndi anthu amene anakulira m'maligi olimba a kwina, ndipo makwerero safunsa kuti unaphunzirira kuti.

World Cup ya 2027 idzakhala ndi matimu 14, ndipo idzachitikira ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia. Malo 10 ndi a eni bwalo awiri ndi matimu asanu ndi atatu apamwamba pa mndandanda wa ODI. Anayi otsalawo adzalimbiranidwa pa mpikisano wa matimu 10, umene anayi apamwamba a League 2 amalowa mwachindunji, pamene anayi apansi ayenera kuyamba alimbana ndi opambana a Challenge League. Ndati eni bwalo awiri ngakhale maiko ochititsa ndi atatu. South Africa ndi Zimbabwe malo awo ndi osungidwa chifukwa ndi mamembala athunthu. Namibia, imene inagonjetsa Sri Lanka ku Geelong mu 2022, inamanga bwalo latsopano ku Windhoek pokonzekera mpikisanowu, ndipo pa tsiku lolitsegulira mu October 2025 inagonjetsa South Africa pa T20. Kuti idzasewere World Cup pa bwalo lakelo, iyenera kudutsa mu League 2 ndi mpikisano wa matimu 10 uja ngati wina aliyense.